Kuyeza DNA ya nkhunzi isanalowe m'kaundula: mayankho pa zomwe mwakhala mukufunsa

Chiyambireni lamulo loti nkhunzi iliyonse iyezedwe DNA (zomwe zimasunga chibadwa chomwe chiweto chimatengera kwa makolo ake) isanalembedwe m'kaundula wathu wa ng'ombe ndi makolo ake, madandaulo akhala akubwera tsiku ndi tsiku. Ambiri akuchokera pa kusamvetsetsana chabe.

Mumatenga chiyani pa ng'ombe?

Ubweya wa kumchira wozula ndi mizu yake, kapena kachidutswa ka khutu. Wodula ndi sizasi timabweza, chifukwa DNA imakhala kumizu.

Kodi kuyezaku kumasintha chibadwa cha chiweto?

Ayi. Timangowerenga zomwe chinabadwa nazo.

N'chifukwa chiyani munasiya chip n'kuyamba sequencing?

Chip ndi kachipangizo koyezera DNA kulabotale. Chip ngati BovineSNP50 ya kampani ya Illumina imayang'ana malo a mu DNA pafupifupi 54,000 osankhidwiratu, ndipo ambiri mwa malowa anapezeka pofufuza mitundu ya ku Ulaya monga Holstein ndi Angus. Sequencing ndi njira ina, yomwe imawerenga mwatsatanetsatane DNA ya chiweto chomwe chili pamaso pathu, motero imatulukira zizindikiro zomwe chip sikanaziona. 

Labotale ikalephera kuwerenga, kachiwiri alipira ndani?

Zimatengera chomwe chalepheretsa. Ngati ubweya unafika wonyowa, wochita nkhungu, wodzola ndowe kapena wosakanikirana ndi wa ng'ombe ina, mlimi alipiranso. Vuto likapezeka kuti linachitikira kulabotale, kawirikawiri timayezanso ulere. Tikuti kawirikawiri chifukwa si nthawi zonse pomwe n'zotheka kudziwa komwe zinalakwikira, ndipo zikatero komiti imaunika nkhani iliyonse payokha. Musatenge zomwe mnzanu anauzidwa ngati lonjezo kwa inu. Amene anatumiza magazi a mapasa, pepani: mapasa a ng'ombe amagawana magazi akadali m'mimba, choncho zotsatira zake zimasokonekera. Tumizani ubweya, ndipo za malipiro ake mubwere tikambirane.

Zotsatira zati bambo wa thole langa si amene ndinalemba. Mukunditenga ngati wabodza?

Ayi, ndipo kalata yathu sinena zimenezo. Nkhunzi zimalumpha mpanda, nambala zapakhutu zimagwa, umuna wa m'machubu nawo umasinthanitsidwa mwangozi. Komabe thole sililembedwa pa dzina la bambo amene DNA yamukana. Ngati bambo weniweni anayezedwapo kale, tikhoza kumupeza n'kukonza kaundula. Ngati sanayezedwepo, chiphaso cholembetsera tholelo chidikira.

Kodi manambala olosera mkaka ndi odalirika pa mitundu yonse?

Osati mofanana. Manambalawa amalosera kuchokera mu DNA kuchuluka kwa mkaka womwe ana aakazi a nkhunzi angadzatulutse. Kulosera kumadalira kuchuluka kwa ng'ombe za mtundu womwewo zomwe zinayezedwa DNA komanso mkaka wake unkalembedwa. Holstein ili nazo zochuluka kwambiri. Ku America anayamba kutulutsa manambala otere mu 2009. Zebu ndi ng'ombe zosakaniza mitundu zili nazo zochepa, ndiye musagulitse nkhunzi yanu chifukwa cha nambala yokhayo. Zotsimikiza makolo, komanso zofufuza matenda akumtundu ngati BLAD ya Holstein, vuto limeneli silizikhudza.