Mudzi wonse pansi pa denga limodzi: kukagona kwa a Iban ku Sarawak

Ntchito yanga ndi ya zankhalango, ndipo ndi imene inanditengera ku Sarawak, chigawo cha dziko la Malaysia chomwe chili pachilumba cha Borneo. Chibwerereni kumeneko, ofuna kupitako amandifunsa za njoka ndi za nkhani yoti a Iban, anthu a kumeneko, ankadula mitu ya adani. Zonsezo zili ndi mayankho ake. Koma zimene zimapunthwitsa alendo ambiri ndi zina: amafika akuganiza kuti nyumba yaitali ya a Iban ndi ya aliyense, ndiponso kuti nkhalango yoizungulira ilibe mwini. Nyumbayo ili ndi eni ake khomo ndi khomo, ndipo nkhalangoyo ili ndi malire omwe mlendo sawaona.

A Iban ndiwo mtundu waukulu kuposa yonse mu Sarawak. Nyumba zawo zambiri zomwe zimalandira alendo zili m'mbali mwa mitsinje ya Skrang, Lemanak ndi Batang Ai, komanso kumtunda kwa mtsinje wa Rajang kupitirira tauni ya Kapit. Mukatsika ndege ku Kuching, likulu la chigawochi, pasipoti yanu amaidindanso ngakhale munalowera kale ku Kuala Lumpur, chifukwa Sarawak imayang'anira yokha olowa ndi otuluka. Kuchokera apo ndi maola anayi kapena asanu pagalimoto kukafika kudamu la Batang Ai. Damuli linatha kumangidwa mu 1985, ndipo a Iban pafupifupi 3,000 anasamutsidwa kuti madzi apeze malo. Mukamawoloka nyanja yabata ya damuli, pansi panu pali minda ndi mabwinja a anthu.

Msewu ukatha, chotsala ndi bwato lalitali lopyapyala, la injini kumbuyo, ndi munthu wa ndodo kutsogolo woyang'ana miyala. Pofika posaya, woyendetsa amadzutsa injini ndipo nonse mumatsikira m'madzi kukankha, mlendo yemwe. Kuching imalandira mvula pafupifupi mamilimita 4,000 pachaka, pamene Lilongwe sifika n'komwe 1,000, ndipo yochuluka imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mtsinje umene munakankhamo bwato dzulo ungadzuke utasefukira, utakokolola zipika, chifukwa cha mvula yogwa kumapiri imene inu simunaione. Woyendetsa akati lero sitipita, musamuumirize ndi ndalama kapena ndi nkhani ya tikiti ya ndege. Ikanitu tsiku limodzi lapadera pa ulendo wanu.

Nyumbayo eni ake amaitcha rumah panjai. Zakale zimakhala pamwamba pa mizati, ndipo mumakwera pamakwerero osemedwa pachipika chimodzi. Zatsopano zambiri n'zasimenti ndi malata, zili ndi magetsi, mafiriji ndi mawayilesi akanema, koma kamangidwe kake n'komweko. Mukavula nsapato pakhomo mumalowa m'chikhonde chachitali chofoleredwa, chotchedwa ruai, chomwe chimayenda kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Mbali imodzi muli zitseko zondondozana. Kuseri kwa chitseko chilichonse kuli bilek, nyumba ya banja limodzi, yokhala ndi khitchini yake. Mbali inayo mumatulukira pa tanju, khonde lapamtunda loyanikapo mpunga, tsabola wakuda ndi zovala. Kukula kwa mudzi amawerenga ndi makomo: uwu ndi wa makomo 15, uwo wa makomo 40.

Tsiku loyamba ndinaona kanthu kamene kanandithandiza kumvetsa zonse. Poyenda mu ruai, matabwa apansi ankasintha pa khomo lililonse. Apa ndi atsopano, opalidwa bwino. Ndikaponda kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ayamba akale, akuda, olira phazi likatera. Ndinafunsa, ndipo anandiuza kuti banja lililonse limamanga ndi kusamalira chidutswa chake chonse, kuyambira kukhitchini kudutsa mu ruai mpaka pa tanju. Aliyense amadutsa mu ruai momasuka ngati mumsewu wa m'mudzi, koma mphasa imene mwakhalapo ili pamalo a banja linalake, ndipo banjalo ndilo lakulandirani. M'bilek simulowamo musanaitanidwe, monga simungalowe kuchipinda kwa eni ake.

Katswiri wa zachikhalidwe Derek Freeman, amene anakhala ndi a Iban a mtsinje wa Baleh kuyambira 1949 mpaka 1951, anafotokoza zomwezi: bilek iliyonse imadziimira payokha, ili ndi minda yake, nkhokwe yake, mitsuko yake yakale ndi mbewu yake yopatulika ya mpunga yotchedwa padi pun. Achinyamata akakwatirana amasankha kukakhala kwa mwamuna kapena kwa mkazi. Mwa chinenero chathu tingati chitengwa ndi chikamwini zonse n'zololedwa, ndipo mwana amakhala wa bilek imene wakuliramo.

Mtsogoleri wa nyumba ndi tuai rumah, ndipo nyumbayo imatchedwa ndi dzina lake. Amasankhidwa ndi anthu, ndipo mphamvu zake zagona pa kudziwa adat, malamulo a makolo, ndi kuweruza milandu mu ruai aliyense akumva. Kwa iyeyu ndi kumene mlendo amayambira. Mphatso muzipereka kwa iye, chifukwa madzulo amaziyala pamphasa n'kuzigawa milumilu yofanana ndi chiwerengero cha makomo. N'chifukwa chake ndimalangiza kufunsiratu kuti makomo ndi angati, n'kugula zinthu zogawika monga shuga, khofi, mchere, makope ndi mapensulo. Chinthu chimodzi chodula chimangomusautsa mkuluyo. Masiwiti oponyera ana ndimadana nawo: amaphunzitsa mwana kutambasula dzanja, ndipo dokotala wa mano ali kutali.

Musanakwere makwerero yang'anani ngati pamangidwa masamba kapena kansalu koyera. Chimenecho n'chizindikiro cha pemali, kutanthauza kuti nyumba ili pa mwambo woletsa alendo, kawirikawiri chifukwa cha maliro. Wolowa mosalabadira amalipitsidwa chindapusa. Pa kaitanidwe ka anthu Mmalawi savutika. Munthu wobereka samutchula dzina lake, amamutchulira mwana: Apai wakuti, Indai wakuti, ndendende ndi bambo a uje ndi mayi a uje kwathu. Agogo aamuna ndi aki, aakazi ndi ini. Mawu anayi amenewa amatsegula nkhope za anthu kuposa Chingerezi chonse chimene muli nacho.

Chakudya amadyera pansi pamphasa. Chotchuka ndi manok pansoh, nkhuku yoduladula yothira zonunkhiritsa, yolongedwa m'nsungwi yaiwisi n'kutsekera ndi chigwada kukamwa kwake, kenako n'kutsamiritsa pamoto. Nsungwi imapserera kunja, koma madzi ake amaphika nyama m'kati, ndipo msuzi umatuluka ndi kafungo ka nsungwi. Pambali pamakhala mpunga wa kumapiri, nsomba za mumtsinje ndi ndiwo zamasamba zothyola m'tchire. Pali mwambo umodzi wofunika kuugwira. Akakupatsani chakudya kapena chakumwa koma simukufuna, musangopukusa mutu. Khudzani mbale kapena kapu ndi zala. Amakhulupirira kuti wochoka osakhudza chimene wapatsidwa amagwidwa ndi puni, tsoka lomwe lingamupeze m'njira, monga kulumidwa ndi njoka kapena kugwidwa ndi ng'ona. Izi zimathandiza makamaka pa tuak, mowa wa mpunga umene amalandirira alendo. Ngati simumwa, nenani poyera kuyambira pachiyambi, khudzani kapu, ndipo palibe amene akwiye. Ngati mumamwa, kumbukirani kuti khomo lililonse lingafune kuti mulaweko wake. Mowa wina wotchedwa langkau ndiye kachasu weniweni.

Nkhani ya mitu ndi yoona, koma ndi ya kale. A Iban ankachita ngayau, nkhondo zotenga mitu ya adani. James Brooke, Mngerezi amene anakhala mfumu ya Sarawak mu 1841, ndi omulowa m'malo analimbana ndi mchitidwewu, nthawi zambiri pogwiritsa ntchito a Iban ena kuthira nkhondo anzawo. Mtsogoleri wotchedwa Rentap anawakanira paphiri la Sadok mpaka 1861, ndipo amakumbukiridwa ngati ngwazi. M'nyumba zina zakale zibade zikadapachikika mu ruai, zakuda ndi utsi. Eni ake amazilemekeza, ndipo pemphani musanajambule. A Iban ambiri lero ndi Akhristu, ndipo amene wakuyalirani mphasayo mwina mwana wake ndi namwino ku Kuching kapena amagwira ntchito pazitsime za mafuta kunyanja. Kuchoka pakhomo kukasaka chuma ndi nzeru kutali ndi mwambo wawo wakale wotchedwa bejalai, ndipo ndi chifukwa chake miyezi yambiri mumapeza nkhalamba ndi zidzukulu. Nyumba imadzaza pa Gawai Dayak, chikondwerero cha zokolola cha pa 1 Juni.

Tsopano nkhalango, imene ndi gawo langa. Zimene mlendo amaziona ali m'bwato n'kuziyesa nkhalango yosakhudzidwa, zambiri ndi matsala. Chifukwa chake chili m'nthaka. M'nkhalango za mvula yambiri chonde chochuluka chimakhala m'mitengo ndi m'masamba, ndipo dothi n'losauka. Tsamba likagwa, kutentha ndi chinyezi zimaliwoletsa msanga, mizu n'kuyamwa chakudyacho mvula isanachikokolole. Mukakanda pansi ndi chikwanje mumapeza kadothi kakuda kochepa, pansi pake dothi lachikasu kapena lofiira. Tsono mlimi wa mpunga wa kumapiri amaswa mphanje, n'kutentha kuti phulusa lidyetse mbewu, n'kukolola chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako n'kusiya malowo kwa zaka zambiri kuti mitengo ibwezeretse chonde. Ulimi umenewu umanyozedwa kwambiri, koma pamene malo alipo okwanira kuti tsala ligone mokwanira, umagwira ntchito. Umawonongeka malo akachepa, anthu n'kumabwerera pamunda usanapume.

Tsala lotere amalitcha temuda, ndipo mwa adat ndi la banja la munthu amene anayamba kugwetsa nkhalango pamenepo. Palinso pulau galau, nkhalango yosungidwa dala kuti anthu azipezamo matabwa, mankhwala ndi madzi, ndiponso pemakai menoa, dera lonse limene mudzi umasakamo ndi kuwedzamo. Mitengo ya zipatso nayo ili ndi eni. Tapang, chimtengo chachitali cha khungwa loyera chomwe njuchi zimamangamo zisa, sichidulidwa. Choncho musathyole, musadule, musatole mbewu musanafunse, ngakhale pamalo ooneka ngati palibe amene anapondapo.

Zimenezi zafika mpaka kukhoti. Makampani odula mitengo ndi olima migwalangwa ya mafuta akhala akupatsidwa ziphaso pamalo amene midzi imati ndi ake. Mu 2016 khoti lalikulu kwambiri la Malaysia linagamula kuti mwambo wa pemakai menoa ndi pulau galau ulibe mphamvu ya lamulo monga temuda. Chigamulochi chinandipweteka mtima, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti amene anagwetsa nkhalango ali ndi umboni, pamene amene anaisunga alibe. Boma la Sarawak linasintha lamulo la malo mu 2018 kuti lizindikireko madera otere, koma mikangano sinathe.

Za thanzi ndinene mwachidule koma mwamphamvu. Misundu ilipo, ya m'masamba onyowa. Imaluma mosapweteka ndipo bala limachedwa kuuma, koma si yoopsa: ikankheni ndi chikhadabo, tsukani, valani masokosi aatali. Choopsa ndi malungo. Kumeneko kuli mtundu wotchedwa Plasmodium knowlesi, wochokera kwa apusi kudzera mwa udzudzu, umene akatswiri anaonetsa mu 2004 kuti ukudwalitsa anthu ambiri m'dera la Kapit. Tizilombo take timaswana pa maola 24 aliwonse, pamene ta malungo tinazolowera kuno timatenga maola 48, motero matenda amakula mofulumira. Musadalire zoti munakulira m'malungo. Onanani ndi dokotala musananyamuke, gonani m'neti, ndipo thupi likatentha mutabwerako nenani kumene munali. Musasambe mumtsinje muli ndi bala, makamaka mvula ikangogwa, chifukwa cha matenda a leptospirosis ochokera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina. Chiwewe chakhala chikuvuta mu Sarawak kuyambira 2017, ndipo agalu m'nyumbazi ndi ambiri. Galu akakulumani kapena kukukandani, tsukani ndi sopo kwa mphindi 15 ndipo thamangirani kuchipatala.

Nyama musayembekezere kuziona ngati ku Liwonde. Zimakhala m'mwamba, m'masamba. Dera la Batang Ai ndi Lanjak Entimau lili ndi anyani aakulu aja otchedwa orangutan, koma ambiri mwa ife timangoona zisa zawo, milu ya nthambi zopindidwa pamwamba pa mtengo. Wokuperekezani amatha kukuuzani kuti chisa ichi n'chadzulo, icho chatha mwezi, pongoona mtundu wa masamba. Luso limenelo n'loyenera kulipiridwa bwino, ndipo musanasankhe kampani yokutengani funsani kuti mudzi umalandira zingati, ndani amalipira woyendetsa bwato ndi amayi ophika, ndiponso ngati alendo amagona mosinthanasinthana m'makomo kuti phindu lisamangogwera banja limodzi. Zinyalala zanu zonse, mabatire omwe, bwererani nazo kutauni.

Tsiku lobwerera ndinakhala kutsogolo kwa bwato pafupi ndi aki wina amene ankapita kuchipatala kutauni ya Lubok Antu. Ine ndinkangoona khoma lobiriwira mbali zonse ziwiri. Iye ankaloza ndi chibwano pa gomo lililonse, mdzukulu wake akunditanthauzira: apa analima bambo ake, apo ndi pa banja la khomo lachitatu, mtengo wa engkabang uwo anabzala agogo ake aakazi ndipo zipatso zake amagawana mabanja awiri. Anatchula malo ndi eni ake kwa ola lathunthu osapumira, kufikira pamene mtsinje unalowa m'nyanja ya damu. Pamenepo analoza pansi pamadzi n'kupitiriza kutchula.