Khoka long'ambika salitaya

Akhristu ambiri akamva za kubwezeretsedwa mu uzimu amaganiza za usiku wa chitsitsimutso: nyimbo, misozi, kupita kutsogolo, m'mawa mwake munthu n'kudzuka wina. Sindinyoza zimenezo. Koma ine pophunzitsa nkhaniyi ndimakonda kuyambira kugombe.

Pa Marko 1:19 Yesu akupeza Yakobo ndi Yohane, ana a Zebedayo, ali m'ngalawa akukonza makoka awo. Liwu la Chigiriki lomwe lili pamenepo ndi katartizo. Liwu lomwelo ndi limene Paulo analemba pa Agalatiya 6:1, pouza auzimu kuti abweze mofatsa mbale wogwidwa m'cholakwa. Likupezekanso pa 1 Petro 5:10, koma apo wokonza si m'busa kapena mkulu wampingo. Ndi Mulungu mwini wake.

Amene munaonapo asodzi a ku Nkhotakota kapena ku Mangochi dzuwa litakwera mukuidziwa ntchitoyi. Munthu amayala ukonde pamchenga, n'kumaufufuza ndi zala kuti apeze pamene mwala kapena chitsa chinakola. Akapapeza amaukoletsa kuchala chakuphazi kuti ukungike, kenako kumanga diso limodzilimodzi. Sapupuluma. Mfundo ya phuma imamasuka usiku womwewo nsomba zikalemera. Ndipo palibe msodzi amene amasoka ukonde kuti akaupachike m'nyumba. Madzulo ukubwerera m'madzi.

Petro ankazidziwa izi ndi manja ake, komanso ndi moyo wake. Yohane 18:18 akuti usiku umene anakana Ambuye katatu ankaotha moto wamakala pabwalo la mkulu wa ansembe. Pa Yohane 21:9, Yesu atauka, ophunzira akutsika m'ngalawa n'kupeza moto wamakala wina, pali nsomba ndi mkate. Ndikhulupirira kuti fungo la makalalo lokha linamulasa mtima Petro. Yesu sanachite ngati palibe chinachitika. Anapita pong'ambika penipeni, kumufunsa katatu ngati amamukonda, funso limodzi pa kukana kulikonse, ndipo Petro anamva chisoni. Koma yankho lililonse linkabwera ndi ntchito: kudyetsa nkhosa.

Apa ndi pamene mipingo yathu imapunduka. Kudula munthu timakutha, chilengezo chimawerengedwa Lamulungu aliyense akumva. Miyezi ikatha wabwerera, inde, koma amangokhala benchi lakumbuyo zaka ndi zaka, osapatsidwanso ngakhale kuwerenga mawu kumlaga. Ena amalakwitsa mbali inayo: amafulumira kunena kuti zatha, bowo lisanapezeke n'komwe, munthu wolakwiridwa akulirabe kunyumba.

Pali kanthu kena kamene Yohane anasamala kulemba. Tsiku limene Petro anaitanidwa koyamba, pa Luka 5:6, makoka ankang'ambika ndi kuchuluka kwa nsomba. Koma pa Yohane 21:11, m'mawa wa moto wamakala uja, Petro anakokera kumtunda nsomba zazikulu 153, ndipo khoka silinang'ambike.