Mfuti imaleretsa ndewu, siiweruza mlandu

Tsiku lina pa Kamwendo, mnyamata wa kabaza atamva kuti ndinagwirapo ntchito ya usilikali anandifunsa kuti: "Achikulire, zigawenga za ku Congo zija bwanji osangozithira machaka nkhani n'kutha?" Funsoli si lachibwana, ndipo zimene ankanenazo zinayesedwapo kale.

Mu 2013 asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa anapanga gulu lapadera la United Nations lololedwa kulondola zigawenga kumene zili, osadikira kuti ziwapute. Pothandizana ndi asilikali a boma la Congo, pofika November chaka chomwecho gulu la zigawenga la M23 linali litabalalikira ku Uganda ndi Rwanda. Mu December boma la Congo ndi M23 anasainirana zikalata zothetsa nkhondoyo ku Nairobi. Koma zimene zinabutsa nkhondoyo, monga malo, miyala yamtengo wapatali, unzika wa anthu olankhula Kinyarwanda ndi kukayikirana kwa Kinshasa ndi Kigali, sanazikhalire pansi mokwanira. Kumapeto kwa 2021 M23 inadzukanso, mu January 2025 inalanda mzinda wa Goma, ndipo ena mwa ana athu anabwera m'mabokosi okutidwa ndi mbendera. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kumudzi kuno timadziwa kuti woleretsa ndewu ya malire a munda amangogwira manja a omenyanawo. Malirewo amakaloza ndi amfumu pabwalo. Msilikali ndi woleretsa: amapezera akazembe mpata wokambirana, ndipo mpatawo ukangotayidwa, magazi aja apita pachabe.

Komabe zokambirana zopanda wozilondera nazonso sizilimba. Ku Mozambique, Frelimo ndi Renamo anamenyana kuyambira 1977, anthu pafupifupi miliyoni imodzi n'kuthawira kuno ku Malawi, asilikali athu akulondera njanji ya ku Nacala. Mbali zonse zitaona kuti palibe angagonjetse mnzake, chilala nacho chitafika posauzana, zokambirana za ku Rome zimene anatsogolera a gulu la Akatolika la Sant'Egidio zinabala zipatso. Pulezidenti Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasainira mtendere pa 4 October 1992. Apa mpamene asilikali a United Nations analowa, osati kudzamenya, koma kudzasonkhanitsa omenyana m'misasa, kulandira mfuti zawo ndi kulondera misewu mpaka chisankho cha 1994. Munthu wa m'tchire satula mfuti ngati palibe womutsimikizira kuti mawa sadzaphedwa.

Mnyamata uja anapukusa mutu, nati m'bale wake ali ku usilikali. Tinakhala chete mpaka kasitomala atamuitana.