Kujambula milalang'amba kumayamba ndi mdima

Anthu akaona chithunzi cha mlalang'amba wa Andromeda, gulu lalikulu la nyenyezi mabiliyoni ambiri lomwe lili kutali kwambiri, amathamangira kufunsa kuti, "Kamera yake ndi ya ndalama zingati?" Ife amene timajambula zakumwamba timayamba tafunsa zina: wojambulayo anaima pati, nanga mwezi unali pati usiku umenewo?

Kuwala kwa mlalang'amba n'kofooka zedi. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, komabe kochokera ku Andromeda kumatenga zaka 2.5 miliyoni kuti kufike kuno. Pa kamera kumafika modontha, ndiye wojambula ali ngati munthu amene watchera ndowa pa mpopi wongodontha: sangaufulumizitse, chake n'kudikira basi. M'tauni magetsi a m'misewu ndi a pamipanda amawalitsa fumbi ndi chinyezi cha mumlengalenga, ndipo kuwala kosafunikako n'kumene kumadzaza ndowayo msanga. N'chifukwa chake ola limodzi kumudzi kopanda magetsi limatha kupereka chithunzi chabwino kuposa usiku wathunthu pakati pa Lilongwe kapena Blantyre. Mu 2001 John Bortle wa ku America anakonza muyeso wa mdima wa thambo, kuyambira 1, komwe kuli bii, mpaka 9, pakati pa mzinda waukulu. Ku Ulaya anthu amayenda maola ambiri pagalimoto kusaka thambo la 3. Kuno ambiri tinabadwira pansi pa thambo lotero.

Kudikiraku si kwa lero. Mu 1888 Isaac Roberts, mkulu wa bizinesi ya zomangamanga amene ankachita zanyenyezi pa nthawi yake yopuma pafupi ndi Liverpool, anasiya galasi lojambulira lili chotsegula kwa maola 4 atalozetsa ku Andromeda. Chithunzicho chinaonetsa kuti chinthuchi n'chopiringizika mozungulira, zomwe diso silinkaona bwino. Zoti ndi mlalang'amba wina, wa kunja kwa wathu, anadzatsimikiza ndi Edwin Hubble m'zaka za m'ma 1920.

Chovuta n'chakuti dziko silidikira. Limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye mukatsegula kamera nthawi yaitali nyenyezi zimatuluka ngati timizere. Pali lamulo lakale lakuti mugawe 500 ndi nambala ya mamilimita (mm) yolembedwa pa lenzi yanu, kuti mudziwe masekondi otsegulira kamera: ya 50mm ikupatsani masekondi 10. Makamera a masiku ano amaona tolakwika tating'ono, kotero ine ndimalangiza theka la chiwerengerocho. Wofuna kupitirira apo amagula kamakina kotchedwa tracker, komwe kamatembenuza kamera pang'onopang'ono kutsatira thambo. Kameneka kamafuna kulozetsedwa pamalo pomwe thambo la kummwera limazungulirapo, ndipo apa anzathu a m'mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi ali ndi mwayi: iwo ali ndi nyenyezi yowala ya Polaris yolozerapo, ife tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kovuta kukaona, komanso kuno kamakhala m'munsi, madigiri 10 mpaka 17 okha. Muyambe mwapeza nyenyezi zinayi za mtanda wa kummwera, kenako mutsatire mzere wake wautali.

Ngakhale ndi tracker, sitijambula chithunzi chimodzi chachitali monga ankachitira Roberts. Timajambula zambirimbiri zazifupi, za RAW (zosungidwa momwe kamera yazionera, isanazikonze), n'kuzisanjikiza pa kompyuta. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi timadontho tosokoneza tomwe timagwa mwachisawawa, pomwe mlalang'amba umakhala pamalo pake pomwepo. Mukasanjikiza 4, mlalang'amba umaoneka bwino kawiri; kuti uoneke bwino kakhumi pamafunika 100. Masamu ake ndi owawa, koma mapulogalamu ngati Siril ndi DeepSkyStacker ndi aulere. Musanalongedze, tsekani lenzi n'kujambulanso zithunzi zingapo za mdima wokhawokha, kamera isanasinthe kutentha. Pulogalamu imazigwiritsa ntchito kuchotsa timadontho ta kamera yeniyeniyo.

Woyamba kumene ndimamuuza kuti asiye kaye Andromeda, ayang'ane kummwera. Kuli timitambo tiwiri toyera tosachoka pakati pa nyenyezi zake, Mitambo ya Magellan. Imeneyo ndi milalang'amba yaing'ono yoyandikana ndi wathu: waukuluwo kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 160,000, waung'onowo 200,000. Lenzi wamba imaigwira popanda telesikopu, ndipo munthu wa ku London sangaione mpang'ono pomwe. Dzanja likazolowera, miyezi ya Epulo mpaka Juni madzulo kuli milalang'amba ina iwiri: Centaurus A, wa mzere wakuda wa fumbi pakati, ndi M83, amene Nicolas-Louis de Lacaille anamupeza ali ku Cape, ku South Africa, mu 1752. Awa amafuna lenzi yaitali.

Kalendala yathu ili ndi chipongwe pang'ono. Andromeda ndi Mitambo ya Magellan zimakwera bwino madzulo kuyambira Okutobala, nthawi yomwe utsi wa moto wa m'tchire wadetsa thambo ndipo mvula ili pafupi. Njira yake n'kulawirira: mu Ogasiti, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, Andromeda amakhala atakwera kumpoto, madigiri pafupifupi 35, pomwe mtambo waung'ono uja wakwera kummwera. Sankhani masiku omwe mwezi uli mumdima. Kunyanja dziwani kuti masiku omwewo ndi amenenso asodzi a usipa amayatsa nyali zawo pamadzi, choncho malo okwera ngati ku Nyika ndi abwinoko, bola mupirire kuzizira.

Kuziziraku kumamaliza batire msanga, ndiye yapadera muziisunga m'thumba la malaya. Mame nawo amatera pa lenzi mwakachetechete. Yang'anani galasi ndi tochi yofiira pakapita zithunzi zingapo. Ndipo musadalire kamera kuti idzikonzera yokha fokasi mumdima. Lozetsani pa nyenyezi yowala, ikulitseni pa sikirini, potozani lenzi ndi dzanja mpaka kadonthoko kachepetsetse, kenako matani tepi kuti isasunthe.