Chifukwa chake misewu ya ku Lilongwe siikumana

Mlendo ku Lilongwe amayamba wasokonezeka ndi manambala. Area 24 ili kummwera, cha ku Ngwenya, pomwe Area 25 ili kumpoto, kufupi ndi Kanengo. Amene angaganize zoyenda wapansi kuchoka kwina kupita kwinako, dzuwa limulowera panjira.

Gwero lake ndi m'mene mzindawu unabadwira. Mu 1966 Lilongwe inali katauni ka anthu osakwana 20,000, kozungulira boma, msika ndi mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe. Kamuzu Banda atatsimikiza zochotsa likulu ku Zomba, dziko la South Africa linabwereketsa ndalama zokwana 8 miliyoni randi, ndipo mu 1968 boma linakhazikitsa Capital City Development Corporation kuti imange mzindawo. Ojambula pulani, nawonso a ku South Africa, sanafune kukuza tauni yakaleyo. Anaika Capital Hill ndi City Centre makilomita angapo kumpoto, mafakitale ku Kanengo, ndipo pambuyo pake bwalo la ndege linakamangidwa ku Lumbadzi. Pakati anasiyapo nkhalango ndi madambo. Likulu linasamuka mu 1975.

Papepala zinali zokongola. Koma Area iliyonse inakhala ngati thumba lopachikidwa pa msewu waukulu: ulowera pomwepa, utulukira pomwepa, ndipo m'kati muli timisewu tokhotakhota, tina tothera pa geti la munthu. Misewu yodutsa kuchoka Area ina kulowa ina njochepa, n'chifukwa chake galimoto zonse zimakathithikana m'misewu ya M1 ndi Kenyatta. Pulani imeneyi inali ya munthu wa galimoto, m'dziko limene ambiri ankayenda wapansi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawu. Ambiri mwa iwo anamanga kumene pulani sinafike: Mtandire, Kauma, Chinsapo, Mgona. Kumeneko nyumba ndiyo inkayamba, msewu n'kubwera pambuyo ngati malo atsalapo. Komabe, tinene zoona, kwa woyenda wapansi njira za kumeneko n'zolumikizana kuposa za ku Area 10, kumene anamanga motsata pulani. Wa kabaza amadziwa podulira paliponse, kuseri kwa chigayo, pambali pa mjigo, mpaka pa kamlatho ka mitengo pa Lingadzi.

Boma lakhala likukuza misewu yomwe ija: pa Area 18 anamangapo msewu wodutsa pamwamba pa unzake, Kenyatta anamuwonjezera mizere. Koma wokwera minibasi kuchoka ku 25 kupita ku 23 amayambabe watsikira ku depoti m'tauni, n'kulipiranso ina.