Mmene Arizona inapambanira mlandu wa madzi koma n'kukhala kumapeto kwa mzere

Anthu amene anakulira m'madera akale a mzinda wa Phoenix m'chigawo cha Arizona ku United States, kapena ku Tempe ndi Mesa, akamakumbuka ubwana wawo sayamba ndi mchenga kapena mitengo yaminga ya saguaro imene alendo amajambula. Ambiri amayamba ndi usiku wa madzi. Mabwalo a nyumba za kumeneko ndi otsikirapo kusiyana ndi msewu, ndipo amazunguliridwa ndi mtumbira wa dothi. M'nyengo yotentha madzi amabwera pafupifupi milungu iwiri iliyonse, m'nyengo yozizira kamodzi pamwezi. Mwini nyumba amaitanitsa madziwo ku bungwe la Salt River Project, iwo n'kumuuza ola lake, ndipo olalo likhoza kukhala 2 koloko usiku. Wantchito wa bungweli, amene mpaka lero amatchedwa zanjero, dzina lochokera ku Chisipanishi, amatsegula geti la pangalande. Zotsalazo ndi za eni nyumba okhaokha. Munthu amadzuka ndi tochi, n'kupotokola chotsegulira cha pabwalo pake, madzi n'kusefukira mpaka kapinga yense atamira kufika m'kakolo, kenaka amatseka kuti mnzake wa kumunsi alandire.

Zolakwika zake n'zodziwika. Tinyama tokumba pansi ngati mfuko timaboola mtumbira, madzi n'kuthawira mumsewu. Wina amagona osatseka, ndiye woyandikana naye amadikira pachabe usiku wonse, m'mawa n'kukhala mlandu. Koma kuthirira kotereku kumalowetsa madzi pansi kwambiri, ndiye chifukwa chake mitengo ya malalanje ndi ya mthunzi m'maderawa ndi ikuluikulu, m'dziko limene mvula yake sifika n'komwe mamilimita 200 pachaka.

Ngalande zimenezi sizinayambe ndi Azungu. Anthu amene akatswiri ofukula zakale amawatcha Hohokam anakumba ngalande za makilomita mazanamazana kuchokera mumtsinje wa Salt, pogwiritsa ntchito ndodo zokumbira, makasu amiyala ndi madengu. Luso lawo linali pa kupendekeka kwa ngalande: ikatsetsereka kwambiri madzi amagumula m'mbali, ikagona kwambiri matope amaitseka. Cha m'ma 1450 ngalandezo zinasiyidwa. Mu 1867 Jack Swilling ndi anzake anayamba kukumbanso motsata njira zomwezo, ndipo mudzi umene unaphuka pamabwinjawo unapatsidwa dzina la Phoenix, mbalame ya m'nthano imene imadzukanso paphulusa lake.

Amene anayamba kulawa kuwawa kwa chitukukochi ndi Akimel O'odham, omwe ena amawatcha Pima, a m'mphepete mwa mtsinje wa Gila. Iwowa ankalima tirigu wambiri mpaka kumagulitsa kwa asilikali ndi apaulendo. Atsamunda atapatutsa madzi kumtunda, ku Florence ndi ku Safford, mtsinje unauma pamaso pawo, ndipo pofika m'ma 1890 kunali njala. Zinatenga zaka zoposa 100 kuti lamulo la 2004 liwabwezere ufulu wa ma acre-foot 653,500 pachaka. Muyeso umenewu tiumva kambiri: acre-foot ndi madzi okwanira kumiza ekala imodzi kufika masentimita 30, ndiye kuti malita oposa 1.2 miliyoni.

Mtsinje wa Salt unali wosadalirika. Mu 1891 unasefukira n'kukokolola zotchingira zonse, ndipo kumapeto kwa zaka khumi zomwezo kunadza chilala. Lamulo la boma lalikulu la 1902 litalola kubwereketsa ndalama zomangira madamu, alimi a m'chigwachi anapanga bungwe mu 1903 n'kupereka minda yawo ngati chikole. Damu la Roosevelt linatsegulidwa mu March 1911, chaka chimodzi Arizona isanakhale chigawo cha nambala 48 cha United States. Tibwererakonso ku chikole chimenechi.

Mkangano weniweni uli pa mtsinje wa Colorado. Kumadzulo kwa America lamulo la madzi silifunsa kuti mtsinje ukudutsa pamalo a yani. Limafunsa kuti anayamba kuwagwiritsa ntchito ndani. Woyamba amalandira gawo lake lonse, wobwera pambuyo amatola zotsala, ndipo chaka cha chilala wotsirizayo akhoza kubwerera chimanjamanja. California inali itayamba kale kuthirira chigwa cha Imperial kuyambira 1901, choncho zigawo zina zisanu ndi chimodzi zinaona kuti zikachedwa zipeza mtsinje wonse uli ndi mwini. Mu 1922 nthumwi zinakumana pafupi ndi Santa Fe, Herbert Hoover ali wapampando, n'kugawa mtsinje pawiri pamalo otchedwa Lee Ferry. Zigawo za kumtunda, Colorado, Utah, Wyoming ndi New Mexico, zinapatsidwa ma acre-foot 7.5 miliyoni pachaka. Za kumunsi, California, Arizona ndi Nevada, chimodzimodzi. Mu 1944 dziko la Mexico linalonjezedwa 1.5 miliyoni.

Vuto linali m'masamu. Anagawa poyang'ana zaka zimene mtsinje unali wodzaza modabwitsa. Kuwonkhetsa malonjezowo kumapereka 16.5 miliyoni, pamene kuyambira chaka cha 2000 mtsinje wakhala ukubweretsa pakati pa 12 ndi 13 miliyoni. Anagawana madzi a papepala amene mumtsinje mulibe.

Arizona yokha inakana kuvomereza panganolo. Inkaopa zinthu ziwiri: kuti gawo la kumunsi silinagawidwe pakati pa zigawo zitatuzo, ndiye California idzameza lonse, komanso kuti madzi a Gila ndi Salt adzawerengedwa ngati mbali ya gawo la Arizona. Lamulo la 1928 lololeza damu la Hoover linaika manambala akuti California 4.4 miliyoni, Arizona 2.8 miliyoni, Nevada 300,000, koma Arizona inakakamirabe.

Mu 1934 zinafika poseketsa. Ntchito yomanga damu la Parker, lotumizira madzi ku Los Angeles ndi mizinda yoyandikana nayo, inali itayamba, ndipo mbali imodzi ya damulo inayenera kukhazikika pa dothi la Arizona. Bwanamkubwa Benjamin Moeur, yemwe anali dokotala wa ku Tempe, anatumiza asilikali kumtsinje, ndipo mu November analengeza ulamuliro wa asilikali pamalopo n'kuwonjeza ena amfuti zachiwaya. Mabwato owolotsa anthu a banja la Nellie Bush, phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawocho, ndiwo ananyamula asilikaliwo, manyuzipepala n'kuwatcha gulu lankhondo lapamadzi la Arizona. Palibe chipolopolo chinaombedwa. Chodabwitsa n'chakuti Khoti Lalikulu mu 1935 linagwirizana ndi Arizona kuti damulo linalibe chilolezo cha nyumba ya malamulo. Koma aphungu a ku Washington anangopereka chilolezocho chaka chomwecho, damu n'kutha mu 1938.

Zaka 22 zokanazo sizinapindulire Arizona kanthu. California inkamanga ngalande pamene iwo ankakangana. Mu 1944 anavomereza panganolo, ndipo mu 1952 anakasuma ku Khoti Lalikulu. Mlandu wa Arizona ndi California unatenga zaka 11. Chigamulo cha 1963 chinapatsa Arizona zonse ziwiri zimene inkafuna: ma acre-foot 2.8 miliyoni a mumtsinje waukulu, ndipo madzi a Gila osawerengedwa pamenepo.

Koma madzi anali kumalire a kumadzulo, anthu ali pakati pa chigawo, kutali komanso kumtunda. Pankafunika ngalande ya ndalama zankhaninkhani, ndipo ndalamazo zinali m'manja mwa nyumba ya malamulo ya ku Washington, kumene aphungu a California anali ambiri. Iwo anaika mtengo wawo: ngalandeyo imangidwe, koma chaka cha kusowa kwa madzi California izilandira 4.4 miliyoni yake yonse ngalandeyo isanalandire dontho. Senator Carl Hayden wa ku Arizona, amene anakhala m'nyumba ya malamuloyo kuyambira 1912 ndipo anali ndi zaka 90, pamodzi ndi anzake anavomera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina lamulolo pa 30 September 1968. Ena lero amati anagulitsa tsogolo, koma popanda kugonja kumeneko ngalande sikanamangidwa m'pang'ono pomwe.

Ngalandeyo, yotchedwa Central Arizona Project kapena kuti CAP, ndi yasimenti ya makilomita pafupifupi 540, kuchokera ku nyanja ya Havasu mpaka kupitirira Tucson. Madzi sayenda okha. Malo 14 opopera amawakweza mamita pafupifupi 880 paulendo wonse, ndipo malo oyamba okha, a Mark Wilmer, amawakankha mamita 250 m'phiri la Buckskin. Ntchito inayamba mu 1973, madzi anafika ku Phoenix mu 1985, ndipo ndalama zinapitirira madola 4 biliyoni. Magetsi a mapampuwo poyamba ankati achokere ku madamu awiri atsopano mkati mwa Grand Canyon, koma anthu oteteza chilengedwe anakana. M'malo mwake anamanga siteshoni yamalasha pafupi ndi Page, pa dziko la Anavajo, mtundu wina wa eni nthaka, imene inatsekedwa mu 2019. Kwa zaka zoposa 40 malasha a dziko la Anavajo ndi Ahopi anayatsa magetsi ndi kukankha madzi opita kumizinda, pamene mabanja ambiri a Anavajo mpaka lero amakatunga madzi m'migolo pa galimoto.

Ku Tucson madzi a CAP atafika mu 1992 anthu anawakana, ndipo anali ndi chifukwa. Mzindawo unkamwa madzi a m'zitsime okhaokha, ndipo mapaipi ake akale achitsulo anali ndi nkhungu ya dzimbiri ndi mchere imene inakhazikika mkati kwa zaka zambiri. Madzi amumtsinje anali ndi mchere wosiyana, anatsukidwa mwa njira ina, ndipo m'malo ena ankayenda mobwerera m'mapaipiwo. Nkhunguyo inasungunuka. M'mipopi munatuluka madzi ofiirira onunkha, mapaipi anaboola, matanki otenthetsera madzi anaonongeka. Mu 1994 anasiya, ndipo mu 1995 ovota analetsa kupereka madziwo mwachindunji. Njira imene inagwira ntchito ndi yozungulira: madzi a CAP amathiridwa m'maiwe akuluakulu osaya m'chigwa cha Avra, amalowa pansi n'kusakanikirana ndi a pansi pa nthaka, kenaka amapopedwanso. Maiwewo amaumitsidwa nthawi ndi nthawi n'kupalidwa pansi, apo ayi ndere ndi matope zimatseka nthaka madzi osalowa. Kuyambira 2001 Tucson imamwa madzi osakanizawo.

Pamene ngalande inkamangidwa, alimi ndi mizinda ankapopa zitsime mopanda malire. Nthaka yochotsedwa madzi imafwamphuka n'kutsika, ndipo sibwereranso. Pafupi ndi Eloy inatsika mamita oposa anayi, ming'alu italiitali n'kudula misewu ndi minda. Nduna Cecil Andrus ya ku Washington inaopseza kuti ndalama za CAP ziima ngati Arizona siletsa zimenezi, ndipo Bwanamkubwa Bruce Babbitt anakankha lamulo la 1980. M'madera a Phoenix, Tucson, Prescott ndi Pinal minda yatsopano yothirira inaletsedwa, ndipo womanga nyumba zambiri zogulitsa anayenera kusonyeza kuti madzi alipo a zaka 100. Lamuloli ndi lolimba koma lili ndi mipata. Kunja kwa madera amenewo munthu ankatha kupopa mmene akufunira, n'chifukwa chake kampani ya ku Saudi Arabia inkalima udzu wa ziweto m'chigwa cha Butler n'kumautumiza kwawo, mpaka boma la chigawo linathetsa mapangano a malowo kuyambira mu 2023. Ndipo wogawa malo m'zidutswa zosapitirira zisanu sakhudzidwa ndi lamulo la zaka 100. Ku Rio Verde Foothills nyumba mazana zinamangidwa motero, zikudalira magalimoto amatanki, ndipo mzinda wa Scottsdale utasiya kuwagulitsa madzi mu January 2023 eni ake anasowa pogwira.

Ngongole ya 1968 inadzafunsidwa mu August 2021. Nyanja ya Mead, kuseri kwa damu la Hoover, inatsika pansi pa mafiti 1,075 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo boma lalikulu linalengeza koyamba kuti madzi akusowa. Amene anaona nyanjayo nthawi imeneyo amakumbuka mzere woyera wautali pamatanthwe, posonyeza pamene madzi ankafika kale. Mu 2022 Arizona inachotseredwa ma acre-foot 512,000, mu 2023 inachotseredwa 592,000, pafupifupi onse kuchokera ku CAP. Pamlingo umenewo California sinakakamizidwe kuchotsa kalikonse.

Mkati mwa CAP momwemo mulinso mzere, ndipo otsiriza ndi alimi a thonje ndi udzu wa ng'ombe a ku Pinal, amene pa mgwirizano wa 2004 anasiya ufulu wawo wanthawi yaitali posinthanitsa ndi madzi otchipa komanso kukhululukiridwa ngongole. Iwowa ndiwo anasiya minda ili gonere, ena n'kubwerera ku zitsime zomwe zija ngalande inabwera kudzapumitsa. Malamulo ogawira kusowaku anaikidwa kuti athe kumapeto kwa 2026, ndipo pokambirana atsopano zigawo zisanu ndi ziwiri zija zinayambanso kukokanakokana ngati mu 1922.

Koma mabwalo a m'madera akale a Phoenix aja akumirabe milungu iwiri iliyonse. Madzi awo si a Colorado. Ndi a mitsinje ya Salt ndi Verde, ndipo ufulu wake unamatirira ku nthaka imene alimi anapereka chikole mu 1903, ngakhale mundawo unasanduka nyumba kalekale. Munthu akagula nyumba pamalo oterowo amagula ndi ufuluwo, limodzi ndi ola lake la usiku, pamene mnzake wa tsidya lina la ngalande ya Arizona Canal, amene malo ake sanali m'kaundulayo, amathirira mitengo ndi paipi yodontheza n'kumayang'ana mita.