MP wa paphewa si phungu, si Malawi Police

Pa msika wa Lizulu, mnyamata wa kabaza anandionetsa jekete ya kaunjika yokhala ndi baji paphewa, ati ndi ya apolisi a kuno chifukwa yalembedwa MP. Ndamva zimenezi kambirimbiri chipumireni usilikali, ndipo zanditopetsa. MP ndi Military Police, asilikali osunga mwambo pakati pa asilikali anzawo. Alibe nazo ntchito za wakuba mbatata.

Baji imawerengedwa ngati kalata. Ya mnyamatayo inali yobiriwira ndi yachikasu, mitundu ya apolisi a asilikali a ku America, amene nthambi yawo inakhazikitsidwa mu 1941. Chizindikiro chawo ndi timfuti tiwiri topingasa, totengera mfuti ya Harpers Ferry ya 1805. Lupanga kapena nkhwangwa zikaoneka, tanthauzo lake ndi ulamuliro ndi chilungamo, osati kuopseza anthu wamba. Phewa nalo limayankhula: kumeneko, lamanzere limanena gulu lomwe uli pano, lamanja gulu lomwe unapita nalo kunkhondo. Ndiye wovala jekete yotere akudzitama nkhondo imene sanaione, pomwe mwini wake mwina anasiya mwendo ku Iraq. Ma MP a ku Britain amadziwika ndi chipewa chofiira.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi cha mayi wina wa kufupi ndi Tsangano. Kunafika bambo wovala baji yotereyi, wolankhula mwaulemu, nati ali ndi malo ku MAFCO, sukulu ya usilikali ya ku Salima. Mayiwo anagulitsa mbatata yonse ya m'dimba ndi mbuzi ziwiri kuti mwana wawo alembedwe. Anandipeza patapita miyezi itatu, foni ya bamboyo itasiya kale kugwira. Ndinawafunsa kuti, “Amayi, munachedweranji?” Ati ankaopa kukanenera msilikali. Msilikali uti? Pachithunzi chomwe anandionetsa, baji ya ku America inali itasokedwa pa malaya a mlonda, ulusi wake wakuda, ndiponso mozondoka!

Usilikali sagula. Wina akakupemphani ndalama ya malo, musayang'ane phewa lake. Funsani chiphaso, nambala yake ndi gulu lake, ndipo pitani kupolisi ya Ntcheu tsiku lomwelo, osadikira kuti mukambirane kaye ndi malume. Inunso matelala, lekani kusokera aliyense baji zimene wadula ku kaunjika. Malamulo amaletsa kuvala za usilikali popanda chilolezo. Wa kabaza uja ndinamubwereka lumo, tinaisomola pomwepo.